Tsiku Limene Ndinaneneza Nyumba Yanga

Kalata inafika m'Malichi,
chipale chofewa chikadali mbuu pa madenga a Duluth.
Dzina la Arvid linali pamwamba pa langa
ngakhale tinamuika m'manda chaka chatha.
Makalata oterewa ankatsegula ndi iye,
ndi mpeni wopakira batala, akung'ung'udza,
ine ndikuthirira maluwa a pawindo.

Ngongole ya kubanki tinamaliza kalekale,
tsikulo tinaphika keke.
Ndinkayesa kuti basi, nyumba ndi yathu
kuyambira pa maziko mpaka pa chumuni.
Nanga uyu ndani wondilipitsa
pogona m'nyumba yangayanga?

Akuti nyumba yakwera mtengo.
Ndinaizungulira kawiri nditavala jombo za malemu,
kufunafuna pamene yakwerera.
Khonde lomwe lija, lopendekeka.
Penti yomweyo, ikusupuka ngati khungu la mbatata yowiritsa.

Ku ofesi ya msonkho, pa windo lachitatu,
mtsikana wa baji yolembedwa Nou Lor
anatembenuza pepala natenga pensulo.
"Mayi Haugland, nambala iyi si yoti mulipire.
Ndi mtengo umene woyesa akuganiza
kuti nyumba yanu ingagulidwe nawo lero.
A Pelkey oyandikana nanu anagulitsa yawo modula,
mphepo yake ndiye yakuwombani."
Ndinaseka mwachisoni.
Pelkey ali ku Arizona kuothera dzuwa,
phwando wadya yekha, mbale akutsukitsa ine.

Kenako anajambula dola imodzi
nayamba kuidula ngati buledi:
chidutswa ichi cha sukulu,
ichi cha thirakitala yokankha chipale mumsewu,
ichi cha ozimitsa moto ndi ambulansi,
kanyenyeswa aka ka laibulale.
Ndinati ana anga anatsiriza sukulu
inu musanabadwe.
"Inde," anatero, "ndipo wina wopanda mwana
ndiye anawagulira choko."
Ndinakhala duu.
Ndinakumbuka usiku umene Arvid anagwa pa masitepe,
ambulansi inafika tiyi wanga asanazizire.

"Ngati mtengowu mukuukana, dandaulani.
Koma mubwere ndi umboni."

Woyesa anabwera Lachinayi,
mnyamata wa tochi, Tobias Rautio,
anavula nsapato pakhomo ndisanamuuze.
Ndinatsika naye ku chipinda chapansi.
Ndinasuntha shelefu ya mabotolo a jamu
kuti aone mng'alu umene ndaubisa zaka zonsezi.
Ndinamuonetsa polowera madzi chipale chikamasungunuka,
ng'anjo yotenthetsa nyumba yotsokomola ngati wosuta,
denga limene Arvid anamata phula katatu.
Zaka makumi anayi ndikuitama nyumbayi kwa alendo,
lero ndikuivula pamaso pa mwana wa eni,
kuineneza ngati mboni ya boma
kuti andichotsereko timadola.

Pa chitseko cha kukhichini anaima.
Pamphuthu pali timizere ta pensulo,
msinkhu wa Ingrid ndi Nils chaka ndi chaka,
ndi kamzere kamodzi pansi penipeni, ka galu.
"Izi sitiwerengera," anatero motsitsa mawu.
Ndinati ndikudziwa.

Atachoka ndinabwezera shelefu pamalo pake.
Ndinasisita khoma, ndinapepesa.

Yankho linabwera maluwa a pabwalo atamasula.
Anatsitsako ndithu, pang'ono,
zongokwanira gasi wa mwezi umodzi wozizira.
Ndinawerenga mzere uliwonse ndekha,
ndinamva zonse, mpaka timalemba ta mmunsi.
Pamwamba panali dzina limodzi lokha.
Wina ku ofesi anakonza zolakwika
zimene sindinamupemphe kukonza.

Tsopano ndi Disembala.
Folo koloko m'bandakucha, mawindo akunjenjemera,
thirakitala ija ikukwera mtunda wathu,
nyali yake yachikasu ikuzungulira pa siling'i.
Ndikutembenukira mbali ya bedi yopanda munthu
ndi kunong'ona:
Arvid, wamva?
Chidutswa chathu cha buledi chikudutsa.