Nambala Makumi Anayi ndi Zisanu ndi Ziwiri

Mai Mushonga anabwera Lachiwiri ndi katoni ya mabotolo
ndi foni yosweka pakona, yodzaza nkhope.
Uchi ndi umodzi, anatero, koma oweta njuchi ndi ambiri,
botolo lililonse livale nkhope ya amene analumidwa.
Ndinavomera msanga, mavomeredwe a munthu wa ngongole ya lendi.

Kuno ku Graniteside, kuseri kwa owotcherera zitsulo,
makina athu saopa kusintha mawu:
dzina, deti, kulemera kwake, zonse amameza osatafuna.
Koma chithunzi, ayi.
Pulogalamuyi imafuna chimodzi basi,
nkhope imodzi pa malebulo mazana atatu,
ngati njuchi zonse za ku Chipinge zinaluma munthu mmodzi.
Ukaumirira, kabokosi kamatuluka mwaulemu:
lipirani madola mazana anayi.
Abwana anaseka mpaka kutsokomola, nabwerera ku foni yawo.

Usiku woyamba ndinagogoda pakhomo lililonse.
Magetsi anathawa, jenereta inadya mafuta a mawa.
Usiku wachiwiri ndinapeza kampata:
ukabisa dzina la chithunzi mu mzere wa mawu
imaganiza kuti ikuwerenga adiresi
ndipo imapita yokha kukatenga nkhopeyo mu foda.
Yopusa, koma yomvera.
Ndinavina ndekha pakati pa mapepala omata.

Ndinavina msanga.
Imanyamula makumi asanu okha, kenako imagwada.
Chabwino, ndinagawa anthu m'magulu asanu ndi limodzi
ngati okwera kombi pa Copacabana.
Zithunzi zolemera ndinazisenga, kuchotsa mitengo ndi thambo,
kusiya maso, chipewa, chipsera.
Kenako inayamba kukana mayina.
Ng'ombeyaŵo inamulavula.
N'gandu inamulavula.
Kakoma kam'mwamba imakaona ngati mwala mu mpunga,
kadenga ka pa ŵ ngati njoka m'nyumba.

Ndiye ndinachita chimene ndimayenera kuchita.
Ndinawavula mayina onse, mmodzimmodzi,
ndikuwaveka manambala.
Makina anakondwa, anayamba kuyimba.
Koma ine chala chinazizira pa batani.

Agogo anga aamuna anachoka ku Dedza wapansi
ndi dzina lalitali, lokoma ngati nzimbe.
Kalaliki wa pa mgodi linamulemera lilime,
anawalembera nambala pa chitupa,
nambalayo ndi imene inkalandira malipiro,
nambalayo ndi imene inkadwala chifuwa.
Titawaika ku Mbudzi tinakangana za kalembedwe
pakuti palibe pepala limene linasunga dzinalo bwino.

Ndinatenga kope la masamu la mwana wanga Nachisale,
masamba a kumbuyo amene sanafikeko,
ndinalemba ndi bolopeni, nambala kumanzere, munthu kumanja,
kadenga kalikonse pamalo pake,
kakoma kalikonse m'mwamba mwake.
Makina adziwe manambala ngati akufuna.
Pansi pa nkhope iliyonse dzina linatuluka lathunthu,
chifukwa khomo la mawu silinatsekedwe,
lotsekedwa linali la zithunzi lokha.

Kunja kukucha, magalimoto a pa msewu wa Seke akuyamba kulira,
mpukutu unatha, wofunda ngati buledi.
Ndinawerenga mmodzimmodzi ndi chikhadabo.
Onse anabwera, kupatula mmodzi:
nambala makumi anayi ndi zisanu ndi ziwiri
inatuluka chadodolido,
mayi wa duku lofiira, miyendo ya dzina lake ili kumwamba,
akumwetulirabe.

Ndinamutembenuza, ndinamusindikizanso yekha.
Lolakwikalo sindinataye.
Ndinalimata pambali pa kompyuta, pafupi ndi kabokosi kaja.

Mai Mushonga anabwera masana, anawerenga, analipira theka,
theka lina Lachisanu, anatero, uchi ukayenda.
Anandisiyira botolo limodzi lopanda lebulo.
Abwana anafunsa kuti ndinachita bwanji.
Ndinati zinangotheka.
Kope lija ndabweza m'chikwama cha Nachisale,
mawa aphunzitsi akadabwa
kupeza mudzi wathunthu kuseri kwa masamu ogawa.