Sindilawanso

Zaka khumi ndi zinayi ndakhala ndikutembenuza mbuzi pa makala
pano pa Bwandilo, pomwe usiku umachedwa kugona.
Nthuli yoyamba inali yanga nthawi zonse.
Ndimve mchere, ndinkatero.
Yachiwiri, ndimve tsabola.

Mu Juni chala chachikulu chakuphazi chinatupa ngati mbatata,
bulangete likangochikhudza ndinkakuwa.
Ku Bwaila anandimanga lamba pamkono n'kumupopa.
A Msukwa anayang'ana manambala, kenako mimba yanga,
nafunsa kuti, bambo, mumagwira ntchito yanji?
Nditawauza anaseka, osati monyoza,
nalemba m'kabuku kanga mawu awiri okha:
nyama ayi.

Ine ndinakulira ku Mchesi, nyumba ya lendi, ana asanu ndi awiri.
Bonongwe tinkathyola m'mbali mwa ngalande.
Ndinalumbira ndili ndi kabudula wong'ambika kumbuyo
kuti ndikadzagwira ndalama yangayanga
tsamba silidzalowanso m'kamwa muno.
Ndioneni lero:
kakontena ka pulasitiki,
chisoso, khobwe, theka la peyala,
ndikudyera kuseri kwa thumba la makala
ngati wakuba.

Masabata oyamba mimba inkalira
ngati minibasi yodzaza pa chitunda.
Nyemba nazo zili ndi chilankhulo chake:
a Nangozo ankatsegula zenera pakati pa usiku,
chisanu chonse chija, osanena kanthu.
Ikamakwana folo koloko mawondo ankanjenjemera.
Anandigulira nyama ya soya kuti andipepese,
ndinatafuna, ndinatafuna,
siponji yothira tomato.

Kambewa, yemwe wadya zanga kuyambira ali mbeta,
anandiyang'anitsitsa nati,
wootcha wosalawa ndi sing'anga wosamwa mankhwala ake,
mwaikamo chiyani?
Pano amagula kwa mnyamata wapakona.
Ku ukwati wa mphwanga ku Kawale ndinabweza mbale ya nkhuku.
Azakhali ananong'ona kuti ndalowa mpingo wina,
ena akuti n'chizimba cha bizinesi.

Komatu nsapato yomwe ndinakwatira nayo ikulowanso.
Ndikuyenda wapansi mpaka kwathu ku Mtandire
osaima panjira kunamizira kuyankha foni.
Tulo tikubwera tokha.
Lamba wa a Msukwa sakuwakwezanso nsidze,
ndipo wanga ndamuboola kawiri ndi msomali.

Zelifa, mwana wanga wa folomu filii,
amandiwerengera za mufoni yake:
akuti pali vitamini wina wosapezeka m'dimba,
ndikagule ku famase.
Ndinakafunsa. Mtengo wake ndi mwendo wa mbuzi.
M'sitolo zazikulu za ku Gateway
muli mkaka wosachokera ku ng'ombe,
ndinaugwira, ndinaona mtengo, ndinaubweza bwinobwino.
Kudya masamba kwa olemera n'kodula.
Kwathu ife n'kulawirira ku Wakawaka
mame asanaume pa mpiru,
kutsutsana ndi amayi a ku Dedza pa mulu wa nzama.

Lachisanu lapitali a Nangozo anatendera nkhwani,
nsinjiro zosinja okha,
ndinanyambita chala, ndinapempha wina.
Anangondiyang'ana,
zaka zonsezi akuphika, ine ndikubwera nditakhuta kale.

Tsopano wondilawira ndi Lufeyo, mwana wa mlamu wanga.
Masaya ayamba kumutuluka.
Nthawi zina ndimapezeka ndikumuyang'ana kuphazi.

Mafuta akudonthera pamoto, utsi ukundilowa m'malaya,
za utsi a Msukwa sanalembe.
Ndimaukoka pang'onopang'ono,
malovu n'kumeza.
Galimoto zikuima, anthu akuloza nthiti, chiwindi, mafuta ambiri,
ine ndikudula, ndikuwaza mchere, ndikuwerenga chenje.
Fizi ya Zelifa ili pa waya pomwepa, ikupsa.
Ndimawafunira moyo wautali makasitomala anga,
ndithu ndimatero.
Akamve nawo za a Msukwa tsiku lina,
koma asapite onse mwezi umodzi.