Bwalo la Adyo

Sungeni anatsika minibasi pa Lizulu Loweruka masana
atafukata timbale tagalasi tisanu, tokulunga m'nyuzipepala
ngati mazira a nkhanga.
Ine ndinali pachiwaya,
mbuzi ili lende pa mbedza,
ntchentche zili pa msonkhano wawo wa masiku onse.

"Ababa, ndibwerekeni thabwa lodulirapo."
Anapalapo ndi kathonje,
m'ngalande zomwe mpeni wanga wakumba zaka khumi ndi zitatu,
n'kupaka m'timbale muja mwaulemu, ngati akulemba kalata ya ukwati.
Ndinaseka. Thabwalo ndimatsuka ndekha
ndi madzi a pa mjigo, tambala asanatsike.

Pakati pa kambale kalikonse anaikapo dontho:
apa adyo wosinja, apa madzi a ndimu,
apa jinja, apa uchi wa a Fulatira,
kotsala madzi chabe.
Ku sukulu kwawo, akuti, kuli kabati yotenthetsa.
Kuno kuli chiperoni.
Ndiye tinakabisa timbaleto pansi pa thadzi lofungatira,
lomwe linatijompha tonse awiri.

Lolemba m'mawa anandiitana kuseri kwa khola.

Ndinaona munda womwe sindinalime.
Zoyera, zonanda, zina zachikasu,
zitamera mpaka m'mphepete mwa galasi
ngati chifunga chikakwirira msewu wa ku Dedza.
"Awa ndi mabakiteriya, ababa. A pa thabwa lanu."

Koma pa adyo panali bwalo,
losesedwa bwino, kukula kwake ngati khobidi,
ndipo khamu lonse lija linaima m'malire
ngati ng'ombe pa mlambala wa moto.
Ndimu anali ndi lake, laling'ono ngati batani la malaya.
Jinja anangoyesako.
Pa uchi panalibe kanthu.
Sungeni ananunkhiza botolo, napukusa mutu:
"A Fulatira njuchi zawo zimagula shuga kugolosale."

Sindinaseke.
Ndinali ku Ntcheu, dzinja lathali, pa benchi ya chipatala,
Levisoni ali pa diripi usiku wachitatu,
maso atalowa, milomo itauma ngati makoko a nyemba.
Tinatchula mayina a anthu nthawi ija.
Tinaleka kupatsana moto ndi a kuseri kwa mpanda.
Chonsecho mwanayo ankadya zotsala pachiwaya changa,
ndikumupatsa ndi dzanja langali.

"Musatengeke," anatero, akutsuka timbale m'madzi owira.
"Adyo si jakisoni. Amangowatsekera njira, kuwachedwetsa.
Nyama ya dzana ndi ya dzana basi,
ngakhale muisambitse m'munda wonse wa adyo.
Mwana akatsegula m'mimba, thamangani naye."

Thabwa lija ndinawaza nkhuni.
Linayaka monyinyirika, likulira mafuta.

Tsopano nyama ndimaikhutiza mchere, ndimu ndi adyo
isanaone dzuwa la msika,
ndipo yotsala madzulo sindiinyengerera.
Madalaivala a mathiraki a mbatata akuti kanyenya wanga wakoma,
ena akuti akazi awo akudandaula fungo.
A Fulatira sandipatsanso moni.
A kuseri kwa mpanda ndinawapititsira chiwindi,
ndinalephera kunena chifukwa.

Usiku ndikamasamba m'manja ndimachedwa,
ndikuyang'ana m'mizere ya zikhatozi,
ngalande zinanso,
ndikudzifunsa kuti mwagona angati.