Mzere wa Pansi pa Mchombo

Magetsi azimanso kuno ku Rosettenville.
Ndayatsa kandulo, ndapinda malaya,
chala chikutsata mzere wa pansi pa mchombo
pomwe Sungeni anatulukira zaka zinayi zapitazo,
ine ndili gada, miyendo isali yanga,
nsalu yobiriwira itanditchinga kumaso,
ndikungomva kukoka,
ngati munthu wopisa m'thumba la eni.

Anandionetsa mwana mothamanga, n'kupita naye.
Apongozi pa foni anafunsa kuti ndachira bwanji.
Atamva za mpeni anati bola moyo,
koma bola wawoyo anali ndi minga,
ina ndikuzulabe mpaka lero.

Mimba iyi yakwana miyezi isanu ndi itatu.
Ku sikelo, Sisitala Mthethwa anawerenga khadi langa kawiri,
anafunsa zaka za woyamba,
anapapasa, anamvetsera,
kenako anati mutu waloza pansi, chilonda chinapola,
tikhoza kuyesa njira inayo,
koma m'chipatala, tikukuyang'anira.
Chizulu changa n'chopunduka
koma mawu akuti kuyesa ndinawamva bwino,
ndinawamanga pa nsonga ya chitenje ngati ndalama ya basi.

Ndiye ndikuphunzira kupuma,
ine mayi wa zaka makumi atatu.
M'takisi yochokera ku Bree, titathinana anayi pampando,
dalaivala akulalatira mnzake,
ndimakoka mpweya m'mphuno mpaka kanayi,
ndimautulutsa pang'onopang'ono ngati ndikuuzira phala la mwana.
Chikepe cha pa fuleti yathu chinafa chaka chatha.
Kale ndinkatukwana,
pano masitepe makumi asanu ndi limodzi aja ndi mankhwala anga a m'chiuno.

Lameki amalondera usiku ku Midrand.
Akaweruka m'mawa, maso ali psuu,
ndimamugwira dzanja n'kuliika kumsana:
apa, osati apo, kanikiza ndithu.
Amaseka, amati kwawo ku Ntcheu mwamuna sayandikira zimenezi.
Ndimati kuno ndi ku Joni,
mayi anga ali kutali masiku awiri pa basi,
azakhali ndiwe, mlamu ndiwe.
Wasunga nambala ya a Bekete a galimoto yofiira
ndi ndalama ya mafuta m'kachitini ka tiyi.

Chikwama chili kuseri kwa chitseko:
zitenje zitatu zochokera ku Limbe, zonunkhirabe sitolo,
tizisoti, matewera, pasipoti yokutira m'pulasitiki,
pakuti kuno ngakhale wobuula amafunsidwa mapepala.

Mantha alipo, sindinama.
Amabwera cha m'ma thuu koloko,
amakhala m'mphepete mwa bedi,
amanong'ona kuti nanga ulusi wakale ukamasuka?
Sindiwathamangitsa.
Ndimawauza zimene sisitala anandiuza,
kuti ululu wachilendo pa chipsera, kapena magazi,
ndinene msanga, osalimba mtima.
Akamva zimenezo amayasamula, amagona kumiyendo.

Iwe wam'katiwe, wondiponda nthiti,
tamvera.
Pali zitseko ziwiri.
China anachiboola ndi manja a anthu, mkulu wako anadzera pomwepo,
ndipo taona akulizira mkonono apo, pakamwa pali yasa.
Chinacho sichinatsegulidwepo.
Ndikufuna tikagogode kumeneko,
ndili maso, ndili chogwada kapena chonjuta,
ndikumve ukutsika,
ndikulandire pachifuwa usanasambe.
Koma zikakavuta, akakati nthawi yatha,
ndidzagona pansi pa nyali zija osaweramitsa mutu.
Palibe amene anabereka mwa theka.

Kunja agalu a kwa Mpwitikizi ayamba kuuwa,
kamphepo kakubwera ndi fumbi la ku migodi yakale.
Kandulo watsala chala chimodzi.
Ndatsitsa malaya.
Kamodzi, kawiri, katatu, kanayi,
ndatulutsa,
lawi lawerama, ladzukanso.