Utsi wa Olinka

Wogwira nsomba ndine, zaka makumi atatu tsopano,
pano pa Kuskokwim, pamene dzuwa la Juni limaiwala kulowa.
Ndinkangozikhuthula pagombe, n'kusamba m'manja,
n'kukagona, ati ntchito yatha.

Chaka chino Olinka ali m'chipatala ku Bethel.
Anamutenga pa kandege, chiuno chitathyoka
pa ayezi wotsalira kuseri kwa nyumba.
Wandisiyira mpeni wake wonga mwezi wobenthuka,
chigwiriro chinadyeka motsata zala zake,
m'dzanja langa chikungoterereka.
Wandisiyiranso kanyumba kowambira, kakuda bii.

Ndinalenga salimoni m'mizere,
wina wonenepa ngati mkono wa khanda,
wina ngati chingwe cha nsapato.
Mchere wochuluka bwanji? Iye sankayeza.
Ankaponya mbatatesi mumtsuko,
ikayandama n'kuti, zakwana.
Yanga inamira kawiri.

Masiku atatu pamphepo, ndikumenyana ndi ntchentche,
kenaka ndinakoleza moto,
moto wolilima, wachimuna, kuti zitheretu.
M'mawa nsomba makumi anayi
zinali zitapsa, zitayoyoka pamitengo,
zili mbwee paphulusa.
Agalu anadya Khirisimasi pakati pa chaka.
Ine ndinakhala pachidebe chovundikira
mpaka udzudzu unanditopa.

Pafoni sanandikalipire. Anayamba wapuma.
"Evon, nsomba sifuna kuopsezedwa.
Dula nkhuni zaziwisi za m'mbali mwa khwawa,
usende makungwa, amawawitsa.
Ukalowamo n'kutuluka thukuta, waononga.
Ndipo usiku uzidzuka."

Usiku? Iwe unkadzuka?

"Katatu. Iwe uli pakati pa mkonono."

Ndinaponyanso ukonde tsiku limene boma linalola.
Nsomba zachepa mumtsinje, zinakodwa khumi ndi zisanu ndi zinayi.
Izi ndinazigwira ngati mazira.

Tsopano ndimadzuka katatu.
Ndimatuluka ndi jekete pamwamba pa kabudula,
n'kugwada, n'kuuzira pang'ono, n'kukwirira lawi likadzutsa mutu.
Mafuta akudontha, tho, tho, ofiira ngati tiyi.
Dzana ndinapeza mapazi a chimbalangondo pamatope,
ndinagona pakhomopo, mfuti pamiyendo.
M'pamene ndinaona kanjira mu udzu,
kuchokera pakhomo lathu kufika pano,
kopapatiza, kozama mpaka m'kakolo.
Ndakhala ndikukadumpha zaka zonsezi
ndikuyesa n'ka agalu.

Sabata lachitatu ndinathyola mzere umodzi,
unanyezimira ngati galasi la botolo.
Ndinaukulunga m'nyuzipepala, n'kukwera bwato maola anayi.
M'wodi monse munamveka fungo, anamwino anatembenuka.

Olinka ananunkhiza, maso ali chitsinzinire.
Analuma, natafuna nthawi yaitali.
"Mchere wachuluka," anatero.
Anamaliza wonse, ndi khungu lomwe,
napukuta zala pamalaya anga.

"Moto wausiyira ndani?"

Ndinayang'ana wotchi ya pakhoma.
Chipewa ndinachiiwala pabedi pake.