Malupanga a Sipuling'i

Loweruka lililonse msika wa Ulongwe ukaphwa,
kuseri kwa shedi ya mbatatesi,
anyamata asanu ndi awiri ndi Felisimina
amaphana mpaka dzuwa kulowa,
kenako n'kugawana chinangwa chokazinga.

Malupanga awo ndimasula ndine.
Sipuling'i ya lole yomwe inafera pamsewu wa ku Domwe
ndinaiduladula, kuiwongola, kuipala, kuibunthitsa.
Kunsonga ndinaveka kachidutswa ka tayala
kuti wina asabwerere kwawo ndi diso limodzi.
Kumutu amavala zipewa za njinga yamoto
zotchinga kumaso ndi waya wa sefa.

Zinkayenda, mpaka tsiku lomwe anatulukira aphunzitsi Dzimbiri,
buku kukhwapa, choko m'tsitsi.
Ananyamula lalitali lija, logwira ndi manja awiri,
lomwe ndinalichezera masiku anayi,
nalitembenuza ngati nsomba yokayikitsa.
"Ili ndi la m'kanema, Jerivaziyo.
Nkhondo mukusewerayi ndi ya dzana lomweli,
ya agogo a agogo athu.
Lotere linali litaiwalika kale ndi eni ake omwe."

Ananyowetsa chala, natsegula tsamba.
Ili lowonda ngati sipoko ya njinga,
la kambale kobisa dzanja,
ndi lobayira, silitema, nalonso ndi lamakedzana.
Ili lalifupi, lonenepa, ndi la amalinyero,
msuweni wake wa chikwanje.
Koma ili lokhota ngati mwezi wa masiku atatu
ndilo linkalendewera m'chiuno mwa kapitawo wa Chipwitikizi,
mwina osasololedwa chaka chathunthu.

"Nanga Mchikunda lupanga akanalitenga kuti?
Zake zinali gogodera ndi nkhwangwa.
Mngoni, mkondo waufupi, chibonga,
chishango cha chikopa cha ng'ombe.
Pa anthu asanu ndi atatu inu
lupanga liyenera kukhala limodzi."

Zii.
Aliyense anafinya lake.

Felisimina anakweza sefa yake kumaso.
"Ine ndili tsamba liti?"
Aphunzitsi anavundukula, navundukula,
kudutsa ndevu, mabatani, mizinga,
mzungu ali gone m'machila.
Anakamupeza chakumapeto, pakona ya chithunzi:
mtolo pamutu, chingwe m'khosi,
pansi pake palibe dzina.
Anatseka buku mosaomba.
Mphepo ya Juni inatipeza tonse tili chilili.

Mlungu umenewo sindinawotcherere geti la munthu.
Ndinabwereka bukulo, ndinayeza chithunzi ndi ulusi,
ndinapinda chitsulo pamoto katatu, kawiri chinandikana.
Chotetezera zala ndinachikhotetsa monga mwajambulidwira.
Pasikelo ya mbatatesi linatsala pang'ono kukwana kilo.
Ndikaligwedeza linkadziyendera lokha,
ndipo ndinachita manyazi ndi akale aja,
olemera ngati mpini wa khasu lonyowa.
Aphunzitsi sananame. Dzanja langa linavomera.

Unyolo nawonso ndimadziwa kulumikiza,
goli ndikhoza kulisema tsiku limodzi.
Zili m'buku lomwelo, tsamba loyang'anana.
Sanandipemphe. Sindinawafunse.

Loweruka linafika ndi fumbi lake.
Anyamata anabwera ndi zishango za katoni,
Anselimo ndi gogodera ya paipi ya madzi,
akung'ung'udza kuti mfuti yosalira ndi ndodo chabe.
Lupanga lokhota ndinaligoneka pathumba.
Asanayambe kukangana za woyenera kukhala kapitawo
Felisimina anali atalitola kale,
akuyesa kulemera kwake padzanja.

"M'buku mulibe zimenezo," anatero aphunzitsi,
koma motsitsa, ngati akuuza nsapato zawo.
Kenako anavula jekete, napempha chipewa,
natola chibonga cha chiguduli.
"Phazi lamanja patsogolo, mwana iwe.
Limenelo satemera paphewa ngati nkhuni,
limayendera pamfundo ya dzanja."
Anawagogoda kawiri pasefa asanamalize.

Lalitali lija lilipobe.
Ndi lomwe ndimatsekera chitseko cha shedi
mphepo ikamachokera ku Dedza.