Wa Nambala 41

Pa mndandanda wa odzafuna zawo ndine wa nambala 41.
Pamwamba pali banki,
kenako boma ndi msonkho wake,
kenako amayi makumi atatu amene ankasoka makola a malaya.
Ine ndili kumunsi, pafupi ndi wogulitsa makatoni
amene akuwodzera pabenchi, chipewa chili pabondo.

Cemil Taşkıran, unabwera nthawi yachisanu,
phiri la Uludağ litafunda zoyera,
Bursa yense akununkha utsi wa malasha.
Unakhala pampando wa malemu bambo anga
n’kumwa tiyi matambula atatu.
Unkafuna mabatani zikwi mazana awiri,
a mabowo anayi, onyezimira ngati m’kati mwa chigoba,
kulipira pakatha miyezi itatu.
Tinasaina. Cholembera chinali changa,
ndipo unachiika m’thumba osazindikira.

Ndime yachisanu ndi chiwiri ndinailoweza pamtima:
wochedwa kulipira adzaonjezerapo chiwongoladzanja.
Ndinkaiyesa loko.
Ndani akanandiuza kuti loko amalondera chitseko chokha
pamene denga likusasuka?

Miyezi itatu inabala ina itatu.
Cheke chinabwerera chitadindidwa kumaso.
Foni yako ankayankha ndi mphwako:
atuluka, ali ku Istanbul, ali kumaliro.
Mwezi umodzi wokha unaika maliro anayi
ndipo ine, wopusa, ndinapepesa onsewo.

Loya wako analemba kuti wophwanya pangano ndine,
akuti mabatani anga anasuluka atachapidwa kawiri.
Usiku umenewo ndinawaphika m’ketulo,
ndinawathira sopo, ndinawakwecha ndi mchere,
anatuluka akuwala ngati mano a mwana.
Ndabwera nawo m’kabotolo.
Palibe wawapempha.

Mayi wovala magalasi, amene khothi lamupatsa makiyi a fakitale yako,
akuwerenga mosakweza mawu, ngati wolengeza nthawi ya basi.
Milandu yonse yaima, akutero.
Kampani yagwa, ngongole zonse zilowa m’dengu limodzi.
Makina osokera agulitsidwa, lole yagulitsidwa,
ngakhale wotchi ya pakhoma.
Pa malira zana alionse
wa nambala 41 alandira asanu ndi awiri.

Asanu ndi awiri!
Remzi, amene waboola mabatani kwa ife zaka makumi awiri,
ndikamuuze kuti chiyani Lachisanu?
Nanga mkulu wa ku Gebze wondikongoza utomoni,
amene wayamba kundiimbira m’mamawa?
Dzulo ndinauza mwana wanga kuti amuyankhe kuti ndatuluka.
Mawuwo anatuluka mosavuta,
ngati ndinabadwa nawo.

Ndinakonza mawu okulalatira, ndinawanola sabata yonse.
Koma ndakupeza pakhonde, pafupi ndi zenera,
jekete likukulendewera m’mapewa.
Akuti sitolo ya ku Hamburg inatenga malaya ako makontena awiri
n’kutseka zitseko isanalipire,
akuti nyumba yako inali chikole,
akazi ako ali kwa mchimwene wawo ku İnegöl.
Kaya n’zoona, kaya ndi maliro achisanu.
Mtima wanga sukufuna kukumvera chisoni,
ulibe ndalama zochitira zimenezo.

Batani lachitatu pamalaya ako ndi langa.
Ndalidziwira patali, mabowo anayi, kuwala kwa chigoba.
Silinasuluke.
Likungolendewera pa ulusi umodzi
ndipo dzanja langa, dzanja lopanda manyazi,
lafuna kufufuza singano m’chikwama.

Atiitana kuti tisaine kuti tavomera.
Wa makatoni wadzuka, akufunsa ngati pali tiyi.
Ndapapasa m’chikwama, ndilibe cholembera.
Iwe wapisa m’thumba, wanditambasulira,
maso ali pansi:
chakuda, chivindikiro cholumidwa ndi mano a bambo anga.

Ndasaina: Gülseren, mwana wa Şevket.
Inki ikadalimo.
Ndachiika m’chikwama changa,
ndipo pa zonse zimene unatenga kwathu
ichi chokha ndicho chabwerera chathunthu.